Kanjerewere Kofiira Pakati pa Zilembo

Ukalaliki ndinauyamba pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Liwaladzi nthawi imene tinkalembera tayipi ya riboni. Kompyuta yaikulu itabwera sindinavutike nayo, chifukwa inali ndi mausi, ndipo mausi imamvera dzanja. Kompyutayo itafa anandipatsa laputopu yatsopano, yakuda, yopanda mausi. M'munsi mwa zilembo munali kabwalo kosalala kamene anati ndizisisita ndi chala, ndipo pakati pa zilembozo panali kanjerewere kofiira komwe palibe anandiuza ntchito yake.

Unali mwezi wa Okutobala, manja ankachita thukuta ngakhale m'mamawa. Ndikamalemba, chikhatho chinkakhudza kabwalo kaja, kamuvi ka pa sikirini n'kudumpha mizere itatu, mawu n'kukagwera pamene si pake. Ine maso amakhala papepala lomwe ndikukopera, ndi mmene anatiphunzitsira, choncho ndinkazindikira zitaonongeka kale.

Ndinati nditenge mausi ya kompyuta yakufa ija, koma ndinapeza adeputi, achiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ataitola kale. Iwowa anali aang'ono kwa ine, okulira ku esiteti ya nzimbe, odziwa makompyuta ndiponso ofuna kuti aliyense adziwe zimenezo.

"Mayi, mausi ndi yachikale," anatero. "Mukaigwira simuphunzira."

Patapita masiku awiri ndinaiona ili patebulo pawo. Kenako anapita nayo kunyumba kwawo.

Tsiku lina ndinalemba kalata yoitanira makolo kumsonkhano. Kumapeto kwake kunali pempho loti mbuzi za m'mudzi zizikhala pachingwe, chifukwa zinkatha mitengo ya pasukulu. Kamuvi kanachita zake, ndipo kalata inatuluka ikuti, "Tikupempha makolo onse kuti adzafike pachingwe Lachisanu." Ndinaipereka kwa adeputi kuti aione, monga mwa nthawi zonse. M'malo moibweza kwa ine, anapita nayo m'chipinda cha aphunzitsi nthawi ya tiyi, n'kuiwerenga mokweza kawiri, ine ndili pomwepo ndi kapu m'manja.

"Musawaseke," anatero kuseka kutachepa. "Zala zozolowera kusenda chinangwa n'zovuta kuziphunzitsa."

Anaseka onse, ngakhale aphunzitsi omwe ndakhala ndikuwakonzera masipelo m'mayeso awo kwa zaka zambiri osauza munthu. Mayi anga anandiphunzitsa sukulu ndi ndalama za chinangwa chomwecho, kuviika ndi kuyanika mpaka zikhadabo zinawatha. Ndinamaliza tiyi wanga, kutsuka kapu, n'kutuluka. Lamulungu kutchalitchi titafika pa mawu okhululukira amangawa athu ndinatseka pakamwa. Sindinafune kunamiza Mulungu.

Tikuweruka ndinafotokozera mnzanga wa m'gulu la amayi, yemwe amagwira ntchito mu ofesi ina ku boma ndipo laputopu yake inali yofanana ndi yanga. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kupita kwa iye, laputopu ndaikulunga m'chitenje.

"Kabwaloka kasiyeni, anzanga," anatero. "Inu ndi munthu wa tayipi, zala zanu sizichoka pazilembo. Kanu ndi aka kofiiraka. Osakakankha ngati mukusuntha mtondo, kungokatsamira pang'ono."

Anandionetsanso pozimitsira kabwaloko kuti kasamamve kanthu ngakhale utakasisita chotani. Ndinakazimitsa tsiku lomwelo ndipo sindinauze aliyense.

Masabata oyamba anali owawa. Ndikangokhudza, kamuvi kankathawira pakona ngati usipa wodzidzimuka. Nsonga ya chala inatupa. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akapita kokadya, ine ndinkatseka chitseko n'kumayendetsa kamuvi kuchokera pa chilembo china kukafika pa china. Ndikatopa ndinkakumbukira mawu a chinangwa aja, mphamvu n'kubwerera. Pofika nthawi ya mvula ndinkatha kuimika kamuvi pakati pa zilembo ziwiri, maso ali kwina.

Mpata unabwera teremu yotsatira. Kunkabwera alendo oyendera masukulu, ndipo adeputi anakonza zoti akaonetse pakhoma ndi pulojekita mmene ana akhozera mayeso. Makiyi a kosungira katundu ndinkasunga ndine, ndipo ndinkadziwa kuti chingwe cha pulojekita yathu yakale sichilowa pa laputopu yawo, chimalowa pa yanga yokha. Ndinadziwa sabata yathunthu zisanachitike. Tsiku lililonse ndinkawapatsa moni bwinobwino.

Alendo atakhala pansi, aphunzitsi onse ali kumbuyo, adeputi anayesa chingwe uku ndi uku, chinakana. Anabwera pomwe ndinakhala ndikulemba zokambirana, n'kunyamula laputopu yanga osapempha. Chithunzi chinaoneka pakhoma. Anasisita kabwalo, kamuvi kali phee. Anapukuta chala pa thalauza, n'kusisitanso. Anayesa zala ziwiri. Anamenyapo pang'ono. Mlendo wamkulu, mayi wa magalasi, anayang'ana wotchi yake.

Kenako adeputi anaona kanjerewere. Anakakankha ndi mphamvu, kamuvi kanauluka kukabisala pamwamba. Anakabweza, kanathawira pansi. Atakapeza anadina molakwika, zonse zinatsekeka, pakhoma panatsala chithunzi cha mdzukulu wanga atavala yunifolomu ya kumkaka. Kumbuyo wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Shati ya adeputi inanyowa msana wonse. Ine ndinapinda manja, ndikuwerenga malata a kudenga.

Anabwera pafupi n'kunong'ona, "Mayi, tandithandizani."

"Mwati bwanji, bambo? Sindinamve."

"Ndati mundithandize."

"Kwezani mawu pang'ono, makutuwa akalamba."

Ananena kachitatu, chipinda chonse chinamva. Ndinaimirira mosafulumira, kukonza chitenje, n'kuika chala chimodzi pa kanjerewere. Kamuvi kanayenda mwaulemu mpaka pamene kankafunika.

"Pepani alendo athu," ndinatero. "Makinawa anazolowera zala za chinangwa."

Alendowo sanamvetse, koma aphunzitsi anamvetsa, ndipo ulendo uno palibe anayesa kubisa kuseka. Adeputi analankhula mpaka kumapeto ine ndili pambali pawo, akafuna tsamba lotsatira ankayenera kundiyang'ana. Kangapo ndinachedwa dala.

Mawa lake ahedi, bambo ofatsa amene anatsala pang'ono kupuma pantchito, anandiitana mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

"Mayi, za chingwe zija munkazidziwa?"

"Ndinkazidziwa, bambo."

"Ndiye munangokhala chete?"

"Sanandifunse."

Anati zoterezi zikanatha kuchititsa manyazi sukulu yonse, ndipo ndinavomera kuti akunena zoona. Anafunsa ngati ndingakapepese kwa adeputi. Ndinati ndikapepesa tsiku limene iwo adzapepese m'chipinda cha aphunzitsi nthawi ya tiyi, anthu onse alipo. Ahedi anapukusa mutu, n'kundipatsa makalata atatu oti ndikalembe isanakwane nthawi yoweruka. Adeputi sanapepese, inenso sindinapepese, ndipo tinagwira ntchito limodzi zaka zina ziwiri tikulankhulana za ntchito zokhazokha.