Dzinja Limene Sindinagwire Fodya

Sopo wobiriwira wa mtanda, uja amadula ndi mpeni pa golosale, ali ndi fungo limene limandibwezera kwathu, m'mudzi wina kumadzulo kwa Santhe, m'dzinja limene ndinali Sitandade 5. Chaka chimenecho ndinasamba m'manja kuposa munthu aliyense wa m'mudzimo. Amayi anandidulira kachidutswa kangakanga, n'kukaika pa mwala wa m'mbali mwa thandala la mbale, ndipo wina aliyense sankaloledwa kukagwira. Bwalo lathu lonse linkanunkha fodya wauwisi, utsi wa nkhuni zonyowa ndi matope opondedwa. Ine ndekha ndinkanunkhira sopo, ndipo khungu la zala zanga linkauma n'kutuwa ngati ndapaka phulusa.

Zinayamba abambo atasankhidwa kukhala wapampando wa kalabu ya alimi a fodya wa bale, uja woumitsa ndi mphepo m'chigafa. Kalabuyo inali pa kontirakiti ndi kampani ina imene inkapereka mbewu ndi feteleza, n'kudzagula fodya akauma. Tsiku lina abambo anabwera kuchokera ku msonkhano wa ku Santhe atanyamula kanthu m'thumba la jekete, dzanja lili pa thumbapo njira yonse. Kanali kamakina kakuda, kakakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kolemera ngati mwala wonolera mpeni. Sikanali foni, chifukwa sikankaimba. Kanali ndi galasi kutsogolo ndi kandodo kake kodinira, kamene kankalowa m'kabowo ka m'mbali. Ntchito yake inali yoti wapampando azilowetsamo za mlimi aliyense, ngati wathira feteleza, ngati wayamba kuthyola, ngati chigafa chake chikudontha.

Pagalasipo panali patamatidwa kapulasitiki kopyapyala, koyera mbee, koti sukanakaona ukapanda kupendeketsa. Abambo anatiuza mawu a a Chirwa, alangizi a kampani, monga mmene anawamvera: galasilo lisakalike, ndipo kamakinako kakawonongeka, kalabu yonse ichotsedwa pa kontirakiti. Ngakhale ine ndinkadziwa tanthauzo lake. Mabanja onse a m'kalabumo, amalume anga ndi akulu a mpingo omwe, akanasowa feteleza chaka chotsatira, ndipo aliyense akanadziwa khomo limene vutolo linachokera. Za kapulasitikiko a Chirwa ananenapo kanthu, koma ananena mofulumira, mosakaniza ndi Chingelezi. Chimene abambo anatolapo n'chakuti kameneko ndi kamene kakusunga galasi.

Amene sanathyolepo fodya sadziwa phula lake. Limamata m'manja, limada, limalowa m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya khungu, ndipo ngakhale ukhule ndi mchenga limatsalabe. Tsiku loyamba limene abambo anagwira kamakinako akuchokera kumunda, chala chawo chinasiya chidindo chakuda pakati pa kapulasitiki. Amayi anapukuta ndi nsonga ya chitenje chawo cha ku tchalitchi mpaka chinachoka, abambo ataima pambali osapuma bwino. Madzulo ake abambo anagamula kuti pakhomo pafunika munthu mmodzi wosagwira fodya. Achimwene anga a Yosefe anali ndi mphamvu, sakanachoka kumunda. Mng'ono wanga Esinati anali wamng'ono kwambiri. Ndinatsala ine, amene ndinkawerenga bwino ndipo sindinkadziwa kukana.

Poyamba ndinasangalala, ngakhale sindinaonetse. Abambo anali asanandipatsepo ntchito ya ine ndekha. Ndinkasunga kamakinako m'sokosi yatsopano, sokosiyo n'kuiika m'chitini cha mabisiketi, chitinicho n'kuchikweza pamwamba pa kabati. Loweruka lililonse ndinkakatengera kwa aphunzitsi ena amene anali ndi sola, n'kukhala pakhonde pawo mpaka batire litadzaza, maso ali pa kanyali kofiira. Ndikaweruka kusukulu ndinkasamba m'manja, n'kukwera pakaliyala wa njinga ya abambo, ndipo tinkayenda khomo ndi khomo. Abambo ankafunsa mlimi, ine n'kumadina. Anthu ankandiyalira mkeka, azimayi n'kumauza ana awo kuti asandiyandikire ndi manja akudawo.

Koma dzinja la fodya ndi lalitali. Kuthyola kukayamba, ntchito siitha: kuthyola m'mawa mame asanaume, kunyamula masamba pamutu, kusoka, kupachika pa mikangala m'chigafa, mawa lake n'kuyambanso. Anthu onse a pakhomo ankakhala m'chigafa, miyendo itatambasulidwa pa masaka, akusoka ndi kucheza. Ine ndinkakhala pa chitsa kunja, manja ali pa mawondo, ndikumva kuseka kwawo kupyolera m'masamba olendewera. Achimwene ankati akadutsa ndi mtolo amagwada pang'ono. "Madamu a ku ofesi, tiyi tibweretse pompano kapena mudikira mkaka?" Ine ndinkangomwetulira. Tsiku lina ndinatola tsamba limodzi limene linagwa pa mtolo wa amayi, ndipo abambo anandituma kukasamba kawiri.

Kamakinako sikankaopa phula lokha. M'mwezi wa Januwale, kandodo kaja kanali katalemba timizere tambirimbiri pa kapulasitiki, makamaka pakona pamene ndinkadina kawirikawiri. Kenako ngodya imodzi inayamba kutukuka. Fumbi la fodya linalowa pansi pake, ndipo panatuluka timatuza ta mpweya ngati ta munthu amene wapsa ndi phala. Abambo ankakatenga ndi kansalu, n'kukapendeketsa padzuwa, n'kumakayang'ana nthawi yaitali. Sankadziwa ngati mizereyo ili pa kapulasitiki kapena yafika pagalasi, ndipo kumatula kuti aone sakanayerekeza. Kwathu chinthu chatsopano sitichivula pulasitiki. Wailesi yathu inakhala m'jumbo lake mpaka linang'ambika lokha, ndipo chishalo cha njinga ya amalume chinakalamba chili chokutidwa.

Tsono abambo anachita chimene ankadziwa. Anagula selotepi ku Santhe n'kumata ngodya yotukukayo. Selotepiyo atayamba kuda m'mbali, anadula pepala la pulasitiki la paketi ya shuga, amayi n'kulitsuka ndi kuliyanika, ndipo tinalikuta pamwamba pa zonsezo. Pepala la shuga litachita makwinya, tinawonjezera lina la pa chikuto cha buku langa la masamu. Ine ndi amene ndinkagwira m'mbali abambo akumata, ndipo ndinkaonetsetsa kuti pasatsale mpata. Ndinkanyadira ntchitoyo. Pofika pakati pa Febuluwale, zilembo zinkaoneka ngati munthu akubwera patali m'chifunga.

Ndiye kamakinako kanayamba kusamva. Ndikadina, sikankayankha. Ndikadina mwamphamvu, kankatsegula dzina la mlimi wina. Abambo ankati ndisakanikize kwambiri, ndingaswe galasi, koma ndikadina pang'ono panalibe chochitika. Khomo limene kale tinkathapo msanga tsopano linkatidyera masana onse. Ndinkakhala pa mkeka wa eni ake thukuta likutsika m'khosi, mlimi ataima akudikira kuti abwerere ku chigafa chake, abambo akuseka kuseka kopanda chimwemwe, akunena kuti makina a masiku ano ali ndi mwano. Pobwerera ndinkangomva kulira kwa tcheni ndi kupuma kwawo pa zitunda, ndipo mutu unkandipweteka pamwamba pa maso. Ndinkaganiza kuti vuto ndi zala zanga, choncho ndinkasamba kwambiri.

Nthawi yonseyi munda wathu wa kumunsi, wa m'mbali mwa dambo, unkadikira. Fodya akakhwima sadikira munthu. Masamba a m'munsi anachita chikasu, kenako madontho, kenako anayamba kugwa okha m'mizere n'kuwola ndi mvula. Amayi ndi achimwene ankathyola mmene akanathera, koma manja anayi anali atachoka pa ntchito, a abambo ndi anga. Amayi anawonda chaka chimenecho. Ankagona tulo ali chikhalire, singano yosokera ili m'manja. Sanali munthu wotsutsana ndi abambo pamaso pa ana, koma tsiku lina tikukwera njinga anatuluka m'chigafa, nsalu ya kumutu itapendekeka.

"A Mwale, kanthu kanuko kadzadya nsima ya ndani chaka chamawa?"

"Ndi za anthu izi, Nabanda. Ndikakataya ndiwauza chiyani?"

Amayi anandiyang'ana m'manja, kenako anabwerera mkati.

A Chirwa ankayenera kubwera mwezi ndi mwezi, koma msewu wa kwathu unali utadulidwa ndi madzi, ndipo anafika mu Malichi, fodya woyamba atauma. Tinamva njinga yamoto ili kutali, ikulimbana ndi matope. Abambo anavala jekete pamwamba pa malaya a kumunda. Anandiuza kuti nditenge chitini chija. Alimi angapo a m'kalabu anabwera okha atamva njingayo, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, zipewa zili pa mawondo. A Chirwa anali mnyamata ndithu, wa nkhope yotopa, nsapato zawo za jombo zitadzaza matope mpaka m'mawondo. Ndinagwada, n'kuwapatsa sokosi ija ndi manja awiri.

Anasolola kamakinako, n'kukatembenuza uku ndi uku. Sanakalipe. Anangopuma mozama ngati munthu amene waona kale zotere kwina. Anafunsa abambo ngati kakuyaka, abambo anati kakuyaka koma sikakumva. Kenako a Chirwa analowetsa chikhadabo pansi pa selotepi n'kukoka. Chikuto cha buku langa chinachoka, pepala la shuga linachoka, ndipo asanaime anagwira ngodya ya kapulasitiki kaja n'kukamatula konse. Ndinamva abambo akukoka mpweya. Pansi pake galasi linali losalala, lakuda bii, lopanda ngakhale kamzere kamodzi. A Chirwa anakwinya zonsezo pamodzi n'kuziponya pa dzala la phulusa, nkhuku n'kuthamangira kukaona ngati n'chakudya.

Kenako anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa kaenvulopu. Munali timapulasitiki tina tambiri, tofanana ndi kaja, tosanjikizana ngati masamba a buku. Anapukuta galasi ndi malaya awo, anamata kena, n'kukasalaza ndi chala chimene chinali chitangogwira chiwongolero cha matope.

"Akuluakulu, kameneka n'kotaya," anatero. "Kakada mumachotsa, mumaika kena. Ngakhale ndi phula mugwire, palibe kanthu. Ndinaiwala kukusiyirani tsiku lija."

Amalume anaseka, ndipo ena anatsatira, kuseka kwa anthu amene atula katundu. Wina anati a Mwale akanakhala ndi mpata akanakamangira chigafa chakechake. Abambo anaseka nawo. A Chirwa anadinadina, n'kunena kuti zonse zilimo, kalabu ili bwino, kontirakiti ikupitirira. Anasiya timapulasitiki tingapo pa mpando n'kuyamba kumanga chipewa chawo cha njinga.

Apo m'pamene abambo anaimirira. Anatenga kamakinako ndi manja awo akudawo, koyamba chiyambire tsiku la chidindo chija, n'kukaika m'manja mwa a Chirwa pamodzi ndi timapulasitiki tija. Analankhula motsitsa, mwaulemu, kuti athokoza, koma kalabu isankhe munthu wina woti azikasunga. A Chirwa anati palibe chalakwika. Amalume anati, "Alamu, nanga zatha bwino, mukuthawanso chiyani?" Abambo anangobwereza kuti athokoza. Njinga yamoto itapita ndi anthu atabalalika, anavula jekete, anaipachika pa msomali wa pakhonde, n'kutsetserekera ku munda wa kudambo kukaona chimene chinatsala. Chinatsala chochepa. Mabelo athu chaka chimenecho anakwana pa ngolo imodzi, malo n'kutsala.

Ine ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi n'kulira mwakachetechete. Ndinkakhulupirira kuti abambo abweza kamakinako chifukwa cha ine, kuti anandipatsa ntchito imodzi yokha ndipo ndinalephera, kuti mwana wina wochenjera akanadziwa kumatula. Sanandiuze choncho, koma sanandiuzenso china. M'mawa mwake anangondipatsa thumba loti ndikhalire m'chigafa, n'kundionetsa kusiyanitsa tsamba lofiirira ndi lachikasu, ndipo tinasankha fodya limodzi mpaka msana unandiwawa. Ndinkayesetsa kusankha bwino kuti andikhululukire.

Tsopano ndakula pang'ono, ndipo nanenso ndakhalapo m'misonkhano mmene munthu wa kampani amalankhula mofulumira, ife n'kumagwedeza mitu. Ndikudziwa mmene funso limalemerera pakamwa pamene anzako onse akuoneka ngati amva. Sindikuganizanso kuti abambo ankandiimba mlandu. Ndikuganiza kuti pamene anthu ankaseka pansi pa mango paja, iwo ankaona munda wa kudambo, msana wa amayi, ndi mwana wawo atakhala yekha pa chitsa miyezi yonse ija, ndipo anatopa kukhala mwamantha pakhomo pawo pomwe. Tsiku lija m'chigafa ndinkayesa akundiyesa mayeso. Iwo ankangofuna ndikhale pafupi.