Domnina, Woswa Nkhono wa ku Turo

Domnina anabadwira kuseri kwa doko la ku Turo, kumene anthu amaswa nkhono za m'nyanja n'kuziwoletsa m'mbiya kuti zitulutse utoto wofiirira wa zovala za Kaisara. Amayi ake ankagwira ntchito yomweyo mpaka imfa. Lamulo linkati mwana wa woswa nkhono ndi woswa nkhono, ndipo womukwatira nayenso walowa m'goli lomwelo.

Fungo la nkhonozo silinkachoka, ngakhale munthu atadzitsuka ndi phulusa. Kumsika ogulitsa buledi ankamukalipira: "Mayi, imani uko! Ntchentche zanuzo zitithamangitsira ogula."

Atabereka mwana wamkazi, Domnina anauza kapitawo kuti khandalo lamwalira, koma anakalisiya kwa msuweni wake mumzinda wa Berito. Ankapitako mwa apo ndi apo, manja atawakulunga m'nsalu pobisa utoto, ndipo mwanayo, Maritana, ankamutcha azakhali. Maritana anakula bwino, anakwatiwa ndi Abibo woumba nyale, nabereka mwana wamwamuna.

Chinsinsicho chinaululika pa mkangano wa pachitsime. Mnzake wa kuntchito, amene Domnina anamuuza zonse kalekale, anapsa mtima n'kukanena kwa kapitawo. Asilikali anapita ku Berito, nabwera nawo onse atatu atawakweza pangolo.

"Taona, Domnina," anatero kapitawo akuseka, "maliro ako aja adzuka, abweranso ndi anzawo awiri. Kaisara akuthokoza."

Tsiku loyamba pambiya Maritana anasanza mpaka kugwa. Domnina anathamanga ndi madzi.

"Imwa, mwanangu."

"Musanditchule choncho," anayankha Maritana. "Mukanandisiya konkuno ndikanazolowera ndili wamng'ono. Munandilawitsa moyo wa anthu kuti mawa ndizinyansidwa ndi khungu langa lomwe? Nanga Abibo anakulakwirani chiyani?"

Domnina anaika madziwo pansi n'kubwerera kumbiya yake.

Chaka chisanathe Abibo anathawa pa chombo chopita ku Alekisandiriya, osamvekanso. Maritana anamanga kachisakasa kumapeto kwa bwalo la mbiya, ndipo akakumana ndi amayi ake ankayang'ana kumbali. Analetsanso mwana wake kuwayandikira.

Domnina anakalamba maso atachita khungu ndi utsi wa mbiya. Atalephera kugwira mwala woswera nkhono, kapitawo anamuchepetsera chakudya. Anamwalira m'nyengo ya mvula. Tsiku loika maliro utoto m'mbiya unali utapsa moti ntchito sinkayenera kuima, ndipo kapitawo anati aliyense wofuna kupita kumanda akapemphe kaye kwa iye. Maritana sanapemphe; anatsala pambiya.