Chimanga cha Kuchipinda

Ine ndine nkhutukumve, ndipo ndikudzinenera ndekha ena asanandinenere. Kwathu ku Kaphuka nkhokwe za panja tinazisiya kalekale chifukwa cha akuba. Tikakolola timatonola chimanga, kuthira mankhwala a ufa opha anankafumbwe, kusoka matumba, n'kuwasanja kuchipinda komwe timagona. Ine ndinkawasanja kumutu kwa bedi mpaka kudenga, ndipo zenera ndinalikhomera thabwa kuti dzanja la munthu lisalowe.

Akazi anga anayamba kubanika chaka chachitatu cha matumbawo. M'mawa ankadzuka m'chifuwa mukulira tswii, n'kukakhala pakhonde atagwira mawondo, kudikira kuti mpweya ubwere. Ine ndinkati ndi chisanu. Ku Dedza kuno ndani satsokomola mu Juni? Ndinawagulira juzi yochindikala pamsika, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina anagwa m'dimba tikukumba kachewere, milomo itachita mbuu. Tinathamangira nawo kuchipatala kuboma. Atapezako bwino, adokotala anandiitana, pepala la zotsatira za magazi lili m'manja.

"Bambo, amayiwa ali ndi mphumu," anatero. "M'magazi mwawo mtundu wina wa asilikali a m'thupi wachuluka kuposa muyeso. Asilikali amenewa akakumana ndi fumbi amaliyesa mdani, amaitanizana, ndiye njira za mpweya zimatupa mkati. Si chisanu chokha ayi. Kodi m'chipinda chomwe amagona mumasungamo chiyani?"

"Bedi ndi zovala basi," ndinayankha.

Ha! Bodza lamkunkhuniza, bambo wamkulu wosaphethira n'komwe. Ndinadziwa kuti ndikanena zoona andiuza kuti nditulutse chimanga changa. Akazi anga anandiyang'ana kamodzi n'kuweramitsa mutu. Sakanandichititsa manyazi pamaso pa mlendo.

Titatsika minibasi pobwerera, anayankhula motsitsa mawu. "Bambo, bwanji matumba aja tiwasamutsire pabalaza?"

Ine mtima phwii! "Pabalaza? Chitseko chija ngakhale mbuzi imakankha! Adokotala anuwo ufa amagula m'sitolo, akudziwa chiyani za akuba? Mukufuna njala ikafika mu Febuluwale tidzadye mpweyawo?"

Sanabwerezenso. Ndiwo anali mawu anga amenewo, ndipo ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Tinakolola kanayi matumba ali pomwepo. Chaka chilichonse ndinkathira mankhwala atsopano, dzanja langa lolemera, kuopa kufumbwa. Akazi anga ankangodalira mankhwala opopera m'kamwa omwe analandira kuchipatala. Poyamba ankapopera mwa apo ndi apo, kenako tsiku lililonse. Khasu analisiya. Mtsuko wa madzi unayamba kuwakanika. Ine maso ndinali nawo, koma ndikaona ankati, "Ndi kuziziraku, bambo," ine n'kuvomera msangamsanga chifukwa ndi zomwe ndinkafuna kumva.

Ulendo wina kuchipatala anawauza kuti auzire mpweya m'kachipangizo kena katatu. Adokotala anapukusa mutu. Anati njira za mpweya zikakhala zotupa zaka zambiri zimachindikala n'kuuma, ndipo sizibwereranso mwakale. Mankhwala angochepetsa. Anafunsanso funso lija, ndipo ulendo uno ndinaulula zonse, mpaka za thabwa la pazenera. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Panopa akazi anga popita kutchalitchi amaima katatu panjira yomwe kale ankayenda mwana ali kumbuyo. Ndimaima nawo, anthu n'kumati koma bambowa ndiye achikondi. Zimandiwawa, chifukwa ine ndikudziwa amene anachititsa.

Koma chimene chimandidya mtima kwambiri ndi tsiku lomwe tinabwerera kunyumba nditaulula zonse kwa adokotala. Ndinavula jekete, ndinanyamula matumba limodzilimodzi kukasanja pabalaza, ndinazula thabwa, ndinakhomera loko pachitseko, n'kusesa. Dzuwa lisanalowe ndinali nditamaliza. Iwo anakhala pamphasa pakhonde nthawi yonseyo akundiyang'ana, akupuma movutikira. Nditafika pafupi ndikupukuta thukuta, anadikira kuti mpweya ukwane, kenako anafunsa, wopanda mkwiyo uliwonse:

"Kani inali ntchito ya masana amodzi, bambo?"