Nkhafi Zimene Makina Anaziyesa Mfuti

Inu amene mwatopa ndi kunena zoona popanda wokumverani, tamvani za Eulises Rentería.

Atamuchotsa usilikali, Eulises ankakazinga nthochi padoko la mtsinje wa Atrato, mvula ikumukhuthukira pamsana. Njala ankaipirira. Chimene chinkamudya mtima ndi dzina la mthirakuwiri limene anamulemba m'mafailo.

Ali msilikali, ntchito yake inali kuyang'ana zithunzi zochokera ku tindege topanda woyendetsa. Makina oganiza okha ankaloza adani, iye n'kudina batani kuti bomba ligwe. M'mawa wina makinawo analoza amuna asanu ndi awiri akuchoka kumtsinje atandondozana, aliyense chinthu chachitali paphewa. Makinawo akuti ndi mfuti.

"Bwana, izi ndi nkhafi," anatero Eulises. "Kwathu sitisiya nkhafi m'bwato, wina angapite nalo. Timapita nayo kunyumba."

"Sajeni, makina awa aona zithunzi mamiliyoni," anakalipa mkulu wake. "Iwe waona zingati?"

"Koma sanakwerepo bwato, bwana."

Anakana kudina. Amuna aja analowa m'nkhalango, ndipo lipoti linati wathawitsa zigawenga.

Munthu wouma mutu ngati ameneyu sindinamuonepo. Pofuna kuyeretsa dzina lake, anayamba kukwera padenga la sitolo ndi kafoni kake kong'aluka, n'kumajambula asodzi akamachoka m'mabwato nkhafi zili paphewa. Zithunzizo ankazitumiza kulikulu la asilikali pamodzi ndi kalata. Makalata khumi ndi anayi, kuli zii.

"Bambo a Yuleidy, nthochi zikupserera kuno, inu muli pamwamba ngati tambala!" ankakuwa mkazi wake Nubia. "Kulikuluko makalata anuwo akukulungira nsomba." Koma amene ankakawaponya kupositi anali iye yemweyo.

Zinatha zaka zinayi. Imvi zinatuluka, mawondo anayamba kukana makwerero, anzake akale akamuona ankayang'ana kumbali.

Tsiku lina padokopo panafika mayi wina, Kaputeni Copete, wofufuza zolakwa za makinawo.

"Bambo Rentería, zithunzi zanu tawaonetsa makina aja," anatero. "Pa asodzi khumi alionse, asanu ndi mmodzi akuti ndi zigawenga. Munkanena zoona."

Eulises sanamwetulire. Anakhala pandowa, n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Nanga zaka zinayi zonsezi, mayi, pampando wanga wodinira batani paja pankakhala ndani?"

Kaputeni anangoyang'ana kumtsinje.

Dzina loipa lija analifufuta. Lero Eulises amaphunzitsa asilikali oyang'ana zithunzi, ndipo palibe bomba limene limagwa m'dera lake munthu wodziwa mtsinjewo asanaone ndi maso ake. Amawauza ndi mawu otopa: "Makina aloze, koma chala ndi chanu."

Nanunso, chimene maso anu aona musachimeze chifukwa wamkulu wakalipa. Mudzatopa ndithu, ndipo yankho likhoza kubwera mochedwa momvetsa chisoni. Komabe musataye mtima, pali anthu amene moyo wawo ukudikira kukana kwanu.