Mfumu Yobisa Sanza Pakati pa Mtolo

Chaka chimene ndinkaphunzitsa ku Malomo, tinali ndi kagulu ka pa foni kopeka nthano limodzi. Aliyense ankalankhula ngati munthu wa m'dziko lathu lopekalo, la mapiri oyenda ndi afisi olankhula. Ntchito yopanga mfumu inagwera ine ndi mlamu wanga, mlimi wa fodya wa ku Dzoole. Tinagwirizana kuti mfumuyo ikhale ndi chilema pa khalidwe.

Mlamuyo analemba kuti chilema chake chikhale chifundo chopitirira muyeso. Ndinaseka mpaka kutsamwa tiyi. Munthu wodzikonda ndi wotero, ngakhale chilonda amafuna chizinunkhira.

Ine ndinalemba zanga. Mfumu yathu ikamatumiza mphatso kwa mafumu anzake, imayala nsalu zabwino pamwamba pa mtolo n'kubisa sanza pakati, monga amachitira alimi ena podinda belo la fodya: fodya wabwino kunja, wowola mkati.

Anzathuwo anaikonda mfumuyo. Patapita masiku awiri, mlamu analemba kuti, "Alamu, za kubanja sitibwera nazo pagulu."

Ine sindinatchule dzina la munthu. Belo lake analitsegula yekha.