Nkhunzi Yadothi ndi Tiagulugufe Tachikasu

Dzulo ndikuchapa zovala za mwana, ntchito imene ndaiphunzira chimwalirire mayi ake, tiagulugufe tachikasu tinatera pamene ndinataya madzi. Ndi tija tating'ono ngati chikhadabo, takuda m'mphepete mwa mapiko, touluka m'munsimunsi.

Ndili mwana ku Edingeni ndinkaweta mathole. Tiagulugufe totere tinkaunjikana pamatope pamene ng'ombe yakodza, mapiko ali chotseka, ndiye ine ndinkakhulupirira kuti timabadwa mumkodzomo. Zondiwe, amene anadzakhala mkazi wanga, anandimva ndikuuza anzanga zimenezi iye akuchokera kotunga madzi.

"Utesi, iwe! Timangobwera kudzamwa," anatero.

"Ngati ndanama, utenge nkhunzi yanga yadothi," ndinayankha. Inali ya nyanga za minga, ndipo inali isanagonjepo.

Ndinatipirikitsa tonse, n'kuvundikira matope onunkhawo ndi chipanda, n'kuchikhalira. Dzuwa linandiwotcha, mathole analowa m'mapira a eni, koma sindinasunthe. Nditavundukula madzulo, munali nyerere zokhazokha.

"Mbwenu bweretsa," anatero Zondiwe atatambasula dzanja.

"Mkodzowu unali wa yaikazi. Mawa ndiyesa wa nkhunzi."

Anaseka, natenga nkhunzi yanga. M'mawa mwake, msana ukadawawa ndi mkwapulo wa abambo, ndinakavundikiranso.

Patapita zaka, akwathu akukusa ng'ombe za malowolo kupita kwawo, Zondiwe anatumiza uthenga woti achotsepo imodzi, pakuti yoyamba analandira kale. Abambo anaseka n'kupereka zonse. Lero ndikuona kuti ngakhale khola lonse likadachepa.