Maola Atatu a Bambo Gregorio

Bambo Gregorio, amuna awo a mayi anga aakulu a Iness, sankakhulupirira chinthu asanachiponde ndi phazi. Ali mnyamata anapita ku Joni wapansi, miyezi iwiri m'njira, ndipo akayamba kusimba zimenezo pamowa anthu ankanyamuka mmodzimmodzi.

Mu 1970 mwana wawo Enoki analembedwa ntchito ya kumigodi ku Joni komweko. Kalata yake yoyamba ndinawawerengera ndine, poti ndinali mphunzitsi. Analemba kuti kuchoka ku Blantyre kukafika ku Francistown ndege inatenga maola atatu basi, kenako anakwera sitima. Bambo Gregorio anandibwerezetsa katatu. Basitu, nkhalamba yamakani ija inagonja ku chinthu chimene inali isanachionepo pafupi. Ankauza aliyense kuti Enoki ali pafupi kuposa ku Lilongwe.

Mu Okutobala chaka chotsatira a Iness anatisiya. Adzukulu atakumba kale manda, bambo Gregorio anagwada pamaso pa alamu awo a Alexio, eni mbumba, kupempha kuti mwambo udikire Enoki. Anali atatumiza telegalamu, ndipo m'mutu mwawo masamu anali atatha: sitima tsiku limodzi, ndege maola atatu, basi tsiku limodzi. A Alexio analola monyinyirika.

Ine ndinkadziwa kuti sizingatheke, koma sindinanene. Ndinachita manyazi kutsutsa munthu wamkulu pamaliro a mkazi wake, ndipo mpaka lero ndimadzida nazo.

Kunja kunkatentha koopsa. Tsiku lachiwiri amayi a m'siwa anayamba kutuluka ataphimba mphuno ndi chitenje. Lachitatu m'mamawa bambo Gregorio anakwera njinga kupita kwa Malomo kukachingamira basi. Yoyamba inadutsa popanda Enoki, iwo anadikira yachiwiri. Kumudzi a Alexio anati mlongo wawo wanyozeka mokwanira, ndipo maliro ananyamuka. Amene anatumidwa kukaitana bambowo anabwezedwa ndi mawu akuti mwanayo ali m'njira.

Bambo Gregorio anafika kumudzi dzuwa litapendeka, ali okha, anthu akusamba m'manja. Sanakalipe. Anaimika njinga pamtengo n'kukhala pansi.

Yankho la Enoki linabwera patapita masabata asanu. Telegalamu inamupeza tsiku lachisanu ndi chinayi. Anapempha chilolezo chobwera kumudzi kwa akuluakulu a pamgodi, koma anamuuza kuti ndege imanyamula amene watsiriza kontalakiti yake, osati wa maliro. Iye inamutsalira miyezi isanu ndi iwiri. Kumapeto anapempha kuti bambo ake amulembere mmene mwambo unayendera: anaimba nyimbo ziti, analalikira ndani, amayi anawaveka nsalu iti.

Ndinatenga cholembera n'kudikira. Bambo Gregorio anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Lembani inuyo, aphunzitsi," anatero. "Inu munaliko. Ine ndimuuza chiyani?"